Alamu anga Myoruba akukana mkamwini Muigbo, ine mjomba nditani?

Mjomba wa ku Malindi

Abale anga, ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa sabata zitatu tsopano. Ine ndine wa ku Malindi kuno, ntchito yanga ndi ya usipa: kugula kwa asodzi, kuyanika, n'kukweza pa lole kupita ku Limbe. Za ku Nigeria ndimangodziwa mpira ndi mafilimu amene adzukulu amaonera pa foni. Lero ndikuuzidwa kuti ndiweruze mlandu wa kumeneko.

Mlongo wanga amene anandiponda pamutu anakwatiwa mu 1997 ndi munthu wa ku Ibadan, Myoruba, Msilamu mnzathu, amene nthawi imeneyo ankagulitsa nsalu ku Limbe. Tsiku limene anabwera kudzaonekera kwathu sindidzaliiwala. Atangofika pabwalo ndi mkanjo wake woyera mbee, anadzigwetsa chafufumimba pamchenga, chipumi mpaka pansi, pamaso pa mayi athu. Mayi anakuwa kuti bweretsani madzi, mlendo wakomoka. Iye anadzuka mchenga uli mbuu kundevu, n'kunena kuti kwawo mkamwini amalonjera apongozi motero. Tinaseka, tinamulandira, ndowa, ukwati wa Chisilamu, inachitika, ndipo mpaka lero sindinamvepo kuti anamuikapo dzanja mlongo wanga.

Anasamukira ku Joni mu 2001. Mwana wawo woyamba, ndimutchule kuti Asiyatu ngakhale si dzina lake, anamutumiza kuno kwa agogo ake ndipo anaphunzira kuno kuyambira sitandade 1 mpaka 8. Chiyao ndi Chichewa amayankhula ngati ine, Chiyoruba amangodziwa moni. Pano ndi namwino ku Johannesburg, ali ndi zaka 26.

Disembala wapitayu anabwera ndi mnyamata. Kwawo ndi ku Nnewi, Muigbo, ali ndi shopu ya masipeya a galimoto. Ananyamula shuga, mpunga ndi zitenje za amayi. Anakhala pamkeka, anadya nsima ya chambo ndi manja, minga n'kumachotsa yekha. Chimene chinandiseketsa n'chakuti atatha kudya anandikokera pambali n'kupempha kuti ndimupatse mndandanda wa zinthu zoti alipire. Ndinamuuza kuti kuno mwana sitigulitsa, iye nkhope inagwa, kuganiza kuti ndamukana mwaulemu.

Vuto ndi alamu anga. Pa WhatsApp anandiuza kuti: "Alamu, abweretse Mzulu, abweretse Mmwenye, abweretse mzungu, ndivomera. Muigbo ayi." Ine ndinayesa kuti nkhani ndi ya chipembedzo poti mnyamatayo ndi Mkatolika. Anati ngakhale atalowa Chisilamu mawa, yankho ndi lomwelo. Ndipo n'zoona, mchemwali wawo wa alamuwo ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi ku Ibadan, banja lawo Idi amadyera limodzi, Khirisimasi amadyeranso limodzi. Zifukwa zimene akupereka n'zakuti anthu amenewo ndalama ndiye mulungu wawo, kuti mkazi akangobereka ana aakazi okhaokha amamuona ngati sanabereke, kuti mwamuna akamwalira abale amasesa m'nyumba. Kumbali inayo mayi a mnyamata nawonso akulira, akuti Ayoruba amakuseka kumaso mpeni uli kumsana.

Ndiye ndikufunsa ziwiri. Anthu a dziko limodzi, a pasipoti imodzi, anayambana chiyani? Chachiwiri, mwambo wathu umati mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndine. Asiyatu akuti, anjomba, landirani ankhoswe ake inuyo, ababa adzatsatira. Ndiwalandire bambo ake asanavomere?

Mphunzitsi Wopuma, Namwera

Che mjomba, pepani ndi mtolo umenewu. Ine ndinagwira choko zaka 27, ndipo nkhondo ya Biafra ndinailemba pa bolodi kangapo, ndiye mundilole nditalikitseko.

Musawaone ngati Myao ndi Mnyanja amene amatsatsana malonda pa msika wa pa boma n'kumvana. Chiyoruba ndi Chiigbo sizimvana ngakhale pa moni, ndipo mtundu uliwonse pawokha ndi wochuluka kuposa Amalawi tonse. Ayoruba ali kumwera chakumadzulo, ku Lagos, Ibadan, Abeokuta. Aigbo ali kumwera chakum'mawa, ku Enugu, Onitsha, Aba, Owerri. Amene anawaika m'dziko limodzi ndi Angerezi, omwe anapanga Nigeria mu 1914. Kupikisana kunayamba ufulu usanabwere, pakati pa Nnamdi Azikiwe, Muigbo, ndi Obafemi Awolowo, Myoruba.

Koma bala lenileni ndi la nkhondo. Mu 1966 asilikali analanda boma kawiri, ndipo Aigbo zikwizikwi amene ankakhala kumpoto kwa dzikolo anaphedwa, otsala n'kuthawira kwawo. Pa 30 May 1967 Odumegwu Ojukwu analengeza kuti chigawo cha kum'mawa chapatuka, chakhala dziko la Biafra. Boma la Nigeria la Yakubu Gowon linatseka njira zonse zolowera chakudya. Pofika January 1970 anthu oposa 1 miliyoni anali atafa, ambiri ndi njala, makamaka ana otupa mimba aja. Aneba athu Nyerere ndi Kaunda anafika povomereza Biafra ngati dziko mu 1968.

Mungafunse kuti Myoruba akulowapo bwanji poti anapha Aigbo mu 1966 ndi a kumpoto. Akulowa kudzera mwa Awolowo. Aigbo ankayembekezera kuti iwo akapatuka, Ayoruba nawo apatuka. M'malo mwake Awolowo anakhala woyang'anira zachuma m'boma la Gowon. Ndalama ya dziko inasinthidwa mu 1968 nkhondo ili mkati, ya m'manja mwa a Biafra n'kusanduka mapepala. Nkhondo itatha, anthu a ku Biafra ankapatsidwa mapaundi 20 basi, kaya kubanki anasiyako zochuluka bwanji. Taganizani inuyo, ndalama ya usipa ya zaka khumi, abanki n'kukupatsani ya thiransipoti yobwererera ku Malindi. Mapaundi 20 amenewo agogo amawafotokozerabe adzukulu.

Tsopano taonani mmene zakhalira kwa inu. Nnewi, kwawo kwa mnyamatayo, ndi kwawonso kwa Ojukwu. Ibadan, kwawo kwa alamu anu, ndi kumene Awolowo ankalamulira chigawo cha kumadzulo, kumene anayambitsa sukulu ya pulayimale yaulere mu 1955. Kwa munthu wa ku Ibadan dzina limenelo ndi lopatulika. Kwa munthu wa ku Nnewi ndi dzina la njala. Asiyatu wakasankha pakatikati penipeni pa chilonda.

Ayoruba nawo ali ndi zawo zonena. Mu August 1967 asilikali a Biafra anawoloka mtsinje wa Niger n'kufika mpaka ku Ore, panjira ya ku Lagos, ndiye amafunsa kuti ngati munkangofuna dziko lanu, kwathu munkadzatani? Amakumbutsanso kuti Adekunle Fajuyi, Myoruba, anafera limodzi ndi mlendo wake Aguiyi-Ironsi, Muigbo amene ankalamulira dzikolo, ku Ibadan konko mu July 1966. Mlembi Wole Soyinka, Myoruba, anakhala m'ndende pafupifupi zaka ziwiri chifukwa chopita kukayankhula ndi Ojukwu. Ndipo amanyadira kuti Aigbo atabwerera ku Lagos ambiri anapeza nyumba zawo, pomwe ku Port Harcourt zinalandidwa. Zonsezi n'zoona, koma pa maliro anthu sakumbukira amene anabweretsa ufa, amakumbukira amene sanabwere.

Boma lawo linaona vutoli, n'chifukwa chake mu 1973 linayambitsa NYSC, yoti womaliza yunivesite akagwire ntchito chaka chimodzi kuchigawo cha eni. Maukwati ambiri osakanikirana anachokera kumeneko.

Pa funso lachiwiri, ine ndinganene kuti musafulumire. Afunseni alamu anu kuti m'banja mwawo Muigbo analakwira ndani, dzina lake ndani, chaka chanji. Zimene akupatsanizo ndi zonena za pa minibasi. Chenichenicho sanakuuzeni.

Jafali wa ku Makawa (pano ndili Joni)

Aphunzitsi afotokoza za m'mabuku, ine ndinene za mu shopu. Chaka chachisanu ndi chimodzi chino ndikugwira kwa Muigbo wa masipeya. Bwana wanga Ayoruba amawatcha "ofe mmanu", kutanthauza anthu a ndiwo zosambira mafuta. Koma mnzake wapamtima, amene amasungitsana naye makiyi, ndi Myoruba wa magalasi a galimoto. Amanyozana kuyambira m'mawa, nkhomaliro mbale imodzi. Tsiku lina ndinafunsa bwana kuti mwana wanu atakwatiwa ndi mwana wa mnzanuyu bwanji? Anasiya kutafuna, n'kundiuza kuti ndikapukute mashelefu.

Zinafika poipa mu 2023. Peter Obi, Muigbo, anaposa Tinubu, Myoruba, mavoti mu Lagos mwenimweni pa chisankho cha pulezidenti, ndipo Ayoruba ena anati alendo akufuna kutilanda mzinda. Mwezi wotsatira pa chisankho cha bwanamkubwa wa Lagos panaima Gbadebo Rhodes-Vivour. Bambo ake ndi a ku Lagos konko, koma poti mayi ake ndi Muigbo, mkazi wakenso Muigbo, adani ake ankangomutchula dzina lake la Chiigbo, Chinedu, kuti anthu amuone ngati mlendo. Sabata imeneyo bwana ndi mnzake uja sanadyere limodzi. Mwina alamu anu akuopa zomwezo, kuti adzukulu awo adzakhala opanda kwawo. Komabe woimba uja Davido ndi Myoruba, mkazi wake Chioma ndi Muigbo, ukwati wawo mu June 2024 Nigeria yense anavina.

Koma mjomba, pena alamu anu sakunama, ndipo inu a chikamwini mumvetsetse. Kwa Aigbo mkazi amapita kwa mwamuna kotheratu. Ana ndi a bambo, Khirisimasi ndi kumudzi kwa bambo. Nkhani ya ana aakazi kulandira chuma cha bambo awo inachita kukafika ku khothi lalikulu la dzikolo mu 2014, ndipo khothi linagamula kuti alandire, koma kumudzi zinthu sizisintha tsiku limodzi. Asiyatu afunse bwinobwino, shopu ndi nyumba zilembedwe bwanji.

Za kulandira ankhoswe panokha, sizikuthandizani. Iwo mjomba samuwerengera ngati mmene timachitira ife. Amakagogoda kwa bambo ndi abale a bambo, mndandanda umene ankakupemphani uja umachokera kumeneko. Asanatero amatuma anthu kukafufuza mtundu wa mkazi, ngati kuli misala, kuba, kapena maukwati osalimba, ndiye musadabwe mlendo akamafunsafunsa za inu pa doko. Ndipo pa tsiku la mwambo, umene amati igba nkwu, bambo amathira uchema m'chikho n'kupatsa mwana wake, mwanayo n'kumayenda m'chigulu kusaka mwamuna wake, akamupeza agwade amupatse amwe. Ndinaonerera wa mng'ono wake wa bwana. Chikho chimenecho chikachoka m'manja mwa mjomba bambo ali moyo, apongozi ake adzamunena nacho mpaka imvi.

Che Saidi, Mpondasi

Nonse mukuthamangira za mitundu, nkhani ya dini mwaidumpha. Mwanayu ndi Msilamu, mnyamatayo ndi Mkatolika. Shehe wake uti amene adzamangitse ndowa imeneyo? Ndipo kumeneko mukuti kuli chikho cha uchema. Bambo akewo ayankha bwino ngakhale chifukwa chawo chili cholakwika. Mjomba, pitani kwa mashehe musanapite kwa aphunzitsi.

Abiti Nyirenda

Dzina langali likuuzani kale kuti ndine wa mbali ziwiri. Mayi anga ndi Myao wa kwa Chimwala, bambo anga anali Mtumbuka wa ku Rumphi, mphunzitsi wa pulayimale. Mu 1989 Kamuzu atalamula kuti aphunzitsi abwerere kuzigawo za kwawo, ine ndinali ndi zaka 9. Ndikukumbuka lole itaima pa sukulu, bambo akukweza matebulo awiri ndi njinga, mayi atakhala pakhonde ndi mwana kumsana osadziwa kuti akwere kapena atsale. Amene anagamula ndi mjomba wa mayi. Anati mbumba yanga sipita kwa anthu ogula akazi ndi ng'ombe, akafa kumeneko tidzamuika ndani? Lole inapita ndi bambo okha.

Ndili ndi zaka 15 ndinapita ku Rumphi kukawaona. Azakhali anga akumeneko ankandiloza kuti uyu ndi wa Mchawa uja. Kuno ndinali Mtumbuka, uko ndinali Mchawa. Kwa a mayi mwana ndi wa mayi, kwa a bambo mwana ndi wa bambo, ndiye pa mwambo ndinayenera kukhala ndi kwathu kuwiri, koma ndinakula ngati wopanda kwawo.

Asiyatu ali pomwepo. Inu mukumuona Myao chifukwa anabadwa kwa mlongo wanu. Mayi a mnyamata akumuona Myoruba chifukwa cha dzina la bambo ake, ndipo akumusenzetsa mapaundi 20 a Awolowo mwana amene anakulira pa usipa wa ku Malindi. Ine zimenezo zandiwawa kwambiri powerenga.

Koma mjomba, ndikufunseni mosapsatira, musakwiye. Mkeka munamuyalira msanga mnyamatayo chifukwa za Aigbo simunamvepo kanthu kuyambira ubwana wanu. Palibe agogo anu amene anakuuzani kuti Muigbo ndi wotere. Akanakhala kuti Asiyatu wabwera ndi mnyamata wa ku Karonga kapena ku Mzimba, wa CCAP, wonena za malowolo, chambo chija chikanaphikidwa?

A Saidi, za dini n'zoona zilipo ndipo awiriwo ayenera kuzikambirana. Koma bambowo anena okha kuti ngakhale atasilimuka sakumufuna. Tisawabisire kumbuyo kwa mzikiti pomwe eni ake sanabisaleko.

Kabaza wa pa Bridge

Ine ndangogwira poti munthu anapempha yekha mndandanda wa zolipira inu n'kukana. Mjomba, ngati simukuufuna nditumizireni nambala yake, ndili ndi achemwali atatu.

Mjomba wa ku Malindi

Zikomo nonse. Wa kabaza, achemwali akowo ayambe aphunzira unamwino.

Abiti Nyirenda, mwandilasa. Ndinawerenga ndili pa thandala la usipa ndipo ndinaiika foni m'thumba osayankha mpaka madzulo. Mu 2016 mwana wanga weniweni, wachiwiri, anabwera ndi mnyamata wa ku Ekwendeni amene anadziwana naye ku koleji. Pa anthu ndinati vuto ndi dini. M'nyumba, kwa mayi ake, ndinanena zina, zofanana ndi za mjomba wa mayi anu. Anapitabe. Ali ku Mzuzu, ali ndi ana awiri, wamng'onoyo ndinamuona kamodzi pa maliro. Nkhaniyi ndinalibe nayo maganizo polemba funso langa, ndikunena zoona.

A Saidi, kwa shehe ndipita, koma ndikudziwa kale chimene akanene, ndipo Asiyatu akuchidziwanso. Zimenezo ndi za iye ndi mnyamatayo, akuti akukambirana.

Dzulo usiku ndinawaimbira alamu, ndinafunsa monga munanenera aphunzitsi: analakwiridwa ndani, liti? Anayamba ndi za Lagos, za chisankho, ine ndinati ayi alamu, za m'nyumba mwanu. Anakhala chete mpaka ndinayang'ana ngati mayunitsi atha. Kenako anati pa nkhondo sanataye munthu aliyense, iwo anabadwa nkhondoyo ili mkati. Koma mu 1994 anasonkherana ndalama ndi mnzawo Muigbo kuti aitanitse katundu, mnzawoyo anazimiririka nazo zonse, zina zinali zobwereka kwa bambo awo. Manyazi a ngongole imeneyo ndi amene anawathamangitsa kwawo mpaka kudzapezeka ku Limbe. Zaka 27 ndakhala nawo pachibale, nkhani imeneyi sindinaimvepo, ndipo mlongo wanga akuti naye amangoidziwa mwapatalipatali.

Ndinawauza kuti ndiye wakubayo ndi amene anakupatsani mkazi. Sanaseke. Ndinawakumbutsa za mchenga kundevu, kuti tsiku lija anthu a m'mudzi anatiuza kuti anthu a ku Nigeria ndi akuba ndi okhwima, mwana wanu akamupanga chizimba, koma malemu mjomba wathu anati munthu wogona pansi chonchi tiyeni timuone kaye. Apo anaseka pang'ono, n'kunena kuti Muigbo sangagone pansi, mtundu umenewo suweramira munthu. Ndinati nanga akagona? Anati tidzaona.

Sanavomere ukwati, ndisanamize anthu. Chimene avomera n'chakuti Ramadhani ikatha mnyamatayo abwere kunyumba kwawo ku Joni ndi abambo ake aang'ono amene ali ku Durban, adzangomwa tiyi. Ankhoswe sindiwalandira kuno tsikulo lisanafike, Jafali wandimasula pamenepo. Mlongo wanga akuti ndipezekepo, ndiye ndikuyang'ana ya basi, usipa ukagulidwa bwino mwezi uno. Asiyatu akuti wayamba kale kumuphunzitsa mnyamatayo kagwedwe kake pa kapeti, akuti akumagwa ngati thumba la chimanga. Za mayi ake a mnyamata palibe chasintha, akuti foni akumadula akangomva dzina la Ibadan.

Mndandanda uja wafunsanso m'mawa uno, akuti ngakhale wa kuchikazi wokha, asapite kwa abale ake chimanjamanja. Ndamulembera tambala mmodzi, mkeka, shuga mapaketi awiri ndi chitenje cha agogo. Wayankha kuti tsamba loyamba lafika, nditumize lachiwiri.